Chipewa changa cha 0.9

Ine abale ndimagulitsa thobwa la m'mabotolo pa Senga Bay, ndipo ndili ndi kakope komwe ndimalembamo zonse, mabotolo amene atuluka patsiku, angongole, ngakhale maola amene ndavala chipewa changa chamlaza. Za chipewazi musandiseke, mayi akunyumba ankati ndimachivala tsiku lonse ngati wopirikitsa mbalame mu mpunga ku Lifuwu, ndiye ndinkafuna umboni woti akunama.

Mwana wa achemwali anga, wa ku yunivesite uja, atabwera ku holide anakaona kakopeko nkuti ankolo apatu pali data. Basi kutsegula laputopu, kuthira manambala mu Excel, nkundionetsa chinthu chotchedwa correlation. Akuti ukakhala ndi zinthu ziwiri zoyezeka pali nambala imodzi, r, yokuuza ngati zimayendera limodzi, ndipo siingapose 1 komanso siingatsike kupyola -1. Ikayandikira 1 ndiye kuti china chikakwera chinzake chikweranso, ikalowera ku -1 china chikakwera chinzake chitsika, ikakhala cha pa 0 palibe mzere woongoka wozilumikiza. Anatchulanso mzungu wina wa ku England, Karl Pearson, koma apo nkuti ine maganizo ali pa ndalama.

Tinayesa maola a chipewa ndi mabotolo a thobwa. 0.9! Mnyamata anangoyamba kuti "koma ankolo mudziwe kuti..." ine ndatuluka kalekale kukauza anzanga a pabawo kuti chipewa changa chili ndi mwayi ndipo kompyuta yavomereza, si za asing'anga izi ayi.

Mu June ndinakatapa ngongole ku banki m'khonde, kugula chimera, ufa, shuga, kuphikitsa ndowa zitatu. Mayi anafunsa, kodi bambo, ndi mwera uwu amwe ndani? Ndinawayankha kuti za sayansi azisiye.

Mwera unabweradi, mabwato onse ali pamtunda, asodzi adzikuta majuzi akungofunsa komwe kuli tiyi, ine ndili chilili ndi kula bokosi yanga, chipewa kumutu kuyambira 5 koloko m'mawa mpaka usiku ndinkagona nacho kuti maola achuluke. Masiku awiri ndinagulitsa mabotolo anayi, limodzi pangongole. Tsiku lachitatu thobwa lasasa, mabotolo atupa ngati achule, ndimati nditseguleko limodzi ndilawe, chitsekerero phuu pamphumi, thovu lonse m'maso, ndipo ndikupukuta choncho mphepo inanyamula chipewa nkukachiponya m'nyanja, anyamata oyanika usipa akufa ndi phwete.

Madzulo ndinamuimbira wa laputopu uja nditalusa. Iye kuseka kaye. Akuti ankolo ndimafuna ndikuuzeni inu nkuthawa, manambala aja anali a Okutobala ndi Novembala, dzuwa likaswa mtengo inu mumavala chipewa nthawi yaitali ndipo anthu ludzu limawagwira, ndiye choyendetsa zonse ziwiri ndi kutentha. R imangonena kuti zikuyendera limodzi, yoti chayambitsa chinzake ndi chiti siidziwa.

Mayi nkuti akumvetsera foni yonse ali pachitofu. Anangoti bambo, mufunseni, ngongole ikamakwera ndiwo m'mbale mwanu nkumatsika, ndi -1 imeneyo eti? Usiku umenewo nsima ndinadyera mchere, ndowa zitatu zikuwira pakhonde.