BP ikakhala bwino, musati mtima ndiye wapulumuka

Abale a kuno ku Chipata, ambiri mukayezetsa BP n'kupeza 120/80 mumabwerera kunyumba mtima uli m'malo. Koma makina omanga pamkono aja saona zimene zikuchitika m'mitsempha yodyetsa mtima weniweniwo.

Mitsempha imeneyi ndi yaing'ono, mamilimita 3 kapena 4 basi. Mafuta akamaunjikana m'khoma mwake njira imachepa, ndipo kupitirira pamene pachepapo mphamvu ya magazi imatsika. Timitsempha ta kutsogolo timatseguka kuti magazi akwanebe, n'chifukwa chake munthu amatha zaka osamva kanthu. Njira ikatsekeka pafupifupi 70 peresenti, m'pamene zimaonekera. Mukukankha njinga ya makala pachitunda, pachifuwa pamalemera ngati mwasenza thumba la chimanga, ululu n'kufika kudzanja lamanzere kapena kunsagwada. Mukapuma mphindi zingapo, umatha. Chifukwa chake n'chakuti mtima umalandira magazi ake makamaka pamene ukumasuka pakati pa kugunda, ndiye ukamathamanga nthawi imeneyo imafupika, chikhalirecho ukufuna magazi ambiri.

BP yoposa 140/90 ndiyo imanyotsola khoma la mtsempha, pamodzi ndi fodya ndi matenda a shuga. Mchere wambiri umakweza BP, choncho usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi, kuphatikiza wa m'kapenta.

Choopsa n'chakuti mafuta aja akasweka, magazi amaundana pomwepo n'kutsekeratu njira. Ululu ukapitirira mphindi 15, thukuta lili chuchuchu, musamwe soda poganiza kuti ndi zilonda za m'mimba. Thamangirani ku Chipata Central Hospital akakupimeni ECG, makina oona mmene mtima ukugwirira ntchito.