Kubwezeredwa ndalama za kuchipatala si chimodzimodzi ndi kukhala ndi khadi

Kampani ikalengeza kuti yasiya kulipirira antchito inshuwalansi ya zaumoyo ndipo m'malo mwake izidzawabwezera ndalama zimene awononga kuchipatala, ambiri amathamangira kufunsa kuchuluka kwa ndalama zimene munthu waikiridwa pa chaka. Funso limene limandidetsa nkhawa ine ndi lakuti, mwana akatentha thupi pakati pa usiku, ndalama yolipira pakauntala ichokera m'thumba la yani?

Munthu wokhala ndi khadi la inshuwalansi ya zaumoyo, monga la bungwe la MASM, amangolionetsa pachipatala chovomerezeka, chipatalacho n'kutumiza bilu ku bungwelo, ndipo iye amalipira ndalama yotsala yokha ngati ilipo. Pa ndondomeko yobwezera, wantchito amayamba walipira zonse yekha, kusunga malisiti, kudzaza fomu, kenaka kudikira. Kwa bambo wa ku Kawale kapena mayi wa ku Area 25 amene malipiro ake amatha mwezi usanafike pakati, kudikirako kumatanthauza katapila kapena ngongole ya banki m'khonde, ndipo chiwongoladzanja chake palibe bwana amene amabweza. Ena amangomwa panado n'kupirira, ena amakaima pamzere ku Kamuzu Central Hospital, pamene pamapepala akuwerengedwa kuti ali ndi chithandizo cha kuntchito.

Ndalama yoikidwa pa chakayo nayonso imafota msanga, chifukwa mankhwala ambiri timagula kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo m'mafamase inakwera, ndipo malire amene sanasinthidwe anasiya kukwanira.

Ku America, kuyambira mu Januwale 2020, lamulo limalola olemba ntchito kubwezera wantchito ndalama zimene wagulira inshuwalansi yakeyake, kotero munthuyo amakhalabe ndi inshuwalansi. Kubwezera malisiti a kuchipatala popanda inshuwalansi iliyonse kumbuyo kwake ndi nkhani ina, ndipo opaleshoni imodzi ikhoza kumeza ndalama ya chaka chonse.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chinsinsi cha wodwala. Lisiti limatchula dzina la mankhwala ndi zimene munthu wayezetsa, ndipo limadutsa pa desiki ya mnzake wa ku ofesi ya zachuma amene amadya naye nkhomaliro. Musanasaine mgwirizano watsopano, pemphani kuti zilembedwe kuti malisitiwo aziwaona ndani, ndalama izibwezedwa pasanathe masiku angati, ndiponso ngati kampani izilipira chipatala mwachindunji munthu akagonekedwa.