Lachinayi: chihelikopita chadutsa pa Kapata

Mvula yapuma lero, ndiye ndinalawirira kuchapa. Cha m'ma 10 koloko ndili pa msika wa Kapata ndikugula kapenta, tinamva chiphokoso chikuchokera kumapiri a Kanjala. Bhu-bhu-bhu, ngati chigayo chakwera m'mitambo. Anyamata a njinga anaima pakati pa msewu, makosi m'mwamba. Amayi a kapenta aja anaiwala kundipatsa chenji, mpaka ndinachita kuwakumbutsa. Chinadutsa chapansipansi, chobiriwira, chimimba ngati ng'ombe ya bere, n'kukazimiririka cha ku Mfuwe.

Kunyumba ndinapeza amalume ali pansi pa mtengo wa mango akusoka nsapato.

"Mwachiona, amalume?"

"Kuona n'kwa ana. Ine ndachimva. Ija ndi Mi-17."

Amalume anali msilikali. Mu 2000 anapita ku Sierra Leone ndi gulu la Zambia lokasungitsa mtendere pansi pa United Nations. Za kumeneko satchula kawirikawiri, ndiye atayamba okha ndinasiya ndiwo pakhonde n'kukoka kampando.

Akuti zomwe ankakwera iwo zinali zoyera, zolembedwa UN ndi zilembo zakuda, koma chinthu chake n'chomwechi. Kutsogolo kumakhala anthu atatu: oyendetsa awiri ndi injiniya amene amakhala pakati pawo. Kumbuyo kuli zitseko ziwiri zotseguka ngati nkhono. Asilikali 24 amakwanamo, atatsamira khoma mbali zonse, katundu ali pamiyendo. Mukachotsa mipando mumalowa machira 12. Pamenepa anakhala chete pang'ono, nane sindinafunse kuti anaona liti machirawo atadzaza. Kenako anaseka, akuti fungo la mafuta m'kati muja limakukhala m'malaya sabata yonse, ndipo ukatsika umalankhula mokuwa ngati wogontha.

Anandiphunzitsanso kusiyanitsa. Pamwamba pali mapiko asanu. Ukayang'ana kumchira, kakupiza kakang'ono kaja kakakhala kumanja, ndi Mi-8 yakale. Kakakhala kumanzere, ndi Mi-17. Ndinawafunsa kuti nanga lero adziwa bwanji osayang'ana. Akuti ndisawavute.

Masana panalibe zambiri. Nsima, mbale, kukatenga ana kusukulu. Wamng'ono anabwera atajambula helikopita ya mawilo asanu ndi limodzi.

Usiku magetsi atapita ndinakhala pa foni kufufuza, chifukwa amalume nthawi zina amathira mchere. Ulendo uno sananame. Mi-8, kholo la Mi-17, inapangidwa ku Soviet Union ndi gulu la katswiri wina dzina lake Mikhail Mil, inauluka koyamba mu 1961, asilikali n'kuyamba kuigwiritsa ntchito mu 1967. Mpaka pano akupangabe ku Kazan ndi ku Ulan-Ude m'dziko la Russia, ndipo Mi-8 ndi Mi-17 pamodzi zapitirira 17,000. Palibe helikopita ina yopangidwa yambiri chotero. Imanyamula matani anayi. Ndinawerengera m'njira yathu: matumba 80 a chimanga a makilogalamu 50. Chaka chatha munda wathu wonse sunafike pamenepo.

Chimene chandikhalitsa maso ndi ntchito zake. Mu 1986 ku Chernobyl, ku Ukraine, zinkauluka pamwamba pa ng'anjo ya magetsi a nyukiliya imene inaphulika, kuponya mchenga ndi mtovu. Ku Afghanistan asilikali a Soviet analowa nazo mu 1979, ndipo patapita zaka Amereka, amene anali adani awo, anagula zomwezo n'kupatsa asilikali a Afghanistan, chifukwa zimapirira fumbi ndi mapiri ndipo amakaniko akumeneko ankazidziwa kale. Ku Siberia ndi basi ya anthu ogwira ntchito ku zitsime za mafuta. Pafupi pompano, namondwe wa Idai atamiza Beira mu March 2019, a World Food Programme anapereka chakudya pa ndege zomwezi kumadera kumene misewu inakokoloka. Chinthu chimodzi, lero chanyamula mabisiketi a ana anjala, mawa achimangirira maroketi m'mbali. Chosintha ndi penti basi.

Ine chimandiwawa n'chakuti kuno timachiona pakabwera akuluakulu, nthawi ya Nc'wala ku Mtenguleni kapena kampeni ikayandikira. Koma nyengo ino mitsinje ya kuchigwa cha Luangwa ikadzaza, pali midzi imene mayi woyembekezera amanyamulidwa pa ngolo ya ng'ombe kufuna chipatala. Machira 12 aja ndimawaganizira pamenepo. Ndikudziwa kuti mafuta ake si a masewera, komabe.

Ndinawauza amalume zimenezi tikudya. Anangoti mwina chalero chimapita komweko, n'kupempha mchere.

Zovala zija ndaziiwala pachingwe, ndipo mvula yayambanso kuwaza pamalata.