Usiku umene makolo analandira SMS katatu

Bizinesi yathu tinayamba awiri, ine ndi mlamu wanga, m'kachipinda ka lendi ku Zomba, tili ndi laputopu imodzi yakufa batire. Timapangira masukulu apulaiveti sisitimu yolembamo fizi, kuti ahedi adziwe amene walipira ndi amene ali ndi ngongole. Tinasankha CodeIgniter 3, pulogalamu yopangira masisitimu a pa intaneti, poti ndi yopepuka, imayenda ngakhale pa hosting (malo obwereka osungirapo sisitimu pa intaneti) yotchipa.

Kupepuka komweko n'kumene kunatipweteka. Mu CodeIgniter 3, function (kagawo ka pulogalamu kogwira ntchito imodzi) iliyonse ya public, kutanthauza yotsegukira onse, imene ili mu controller (fayilo yolandira zimene munthu wapempha pa browser) imasanduka adiresi payokha. Ukakhala ndi controller yotchedwa Fizi, m'kati mwake muli function ya kumbutsa(), ndiye kuti aliyense amene walemba /fizi/kumbutsa pa browser waiyendetsa. Yathuyo inkatumiza SMS kwa makolo onse angongole. Tinali tisanaiikire batani, ndiye mumtima tinkati palibe angaipeze.

Usiku wina ndinamutumizira mlamu linki ija pa WhatsApp kuti aione kukacha. WhatsApp, pofuna kuonetsa kachithunzi ka tsambalo, inaitsegula yokha. Mlamu naye sanadikire kucha. Anadina, kuona tsamba loyera mbee, n'kudinanso. Pomakwana 11 koloko kholo lililonse linali litakumbutsidwa ngongole katatu, ndipo ma SMS amene tinagula anali atatheratu. M'mamawa foni ya ahedi: "Achimwene, mukufuna makolo andigende?"

Kutseka kumbutsa() sikunatenge ngakhale mphindi zisanu, mpaka manyazi. Umangosintha public kukhala private, kapena kuika _ kutsogolo kwa dzina, CodeIgniter n'kumayankha 404, kutanthauza kuti tsambalo palibe. Chimene chinatidyera sabata yathunthu ndi kusanthula ma controller ena onse. Tinapezamo function ina yofufuta dzina la mwana m'kaundula, yosafunsa n'komwe ngati munthu walowa ndi pasiwedi. Imeneyo ahedi sitinawauze. Kuyambira pamenepo constructor iliyonse, kagawo kamene kamayamba kuyenda mu controller, imayamba yaona kaye kuti walowayo ndani, ndipo chilichonse chotumiza kapena chofufuta chimalola POST yokha (pempho lochokera pa fomu), linki wamba singachigwedeze.

Pano tili pa CodeIgniter 4, ndipo adiresi iliyonse timailemba pamanja mu Routes.php. Eni ake a CodeIgniter nawo, kuyambira pa 4.2.0 mu 2022, anazimitsa auto routing, imene imasandutsa ma function kukhala maadiresi, kuti munthu aziyatsa yekha akaifuna. Ife sitiyatsa.

Sukulu ija tikugwira nayobe ntchito. Ma SMS a teremu imeneyo tinagulanso ndi ndalama za m'thumba mwathu, ndipo mlamu mpaka lero amati theka lake ndinayenera kum'bwezera.