Sabata ya m'nazale ya chamba: manja a fodya mu coco

Ndimayang'anira nazale pa famu ina ya chamba cha mankhwala m'chigawo chapakati. Ndineneretu kuti famuyi ili ndi chiphaso, chifukwa ndikatchula ntchito yanga pachinkhoswe kapena pamaliro, anthu amayamba kuponyerana maso. Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lolola ulimi wa chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale mu February 2020, ndipo ziphaso zimachokera ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kukadali mlandu, kulima popanda chiphaso kukadali mlandu. Ife timagwira ntchito mkati mwa mpanda wa waya, pageti pali mlonda, ndipo mbande iliyonse ili m'kaundula.

Sabata yathayi anandipatsa wantchito watsopano, bambo wachikulire amene tsitsi lachita imvi ali m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Za nazale sindingawaphunzitse: kukonza mabedi, kuthira Compound S, kufesa ndi kheni, kuphimbira udzu, kuchotsa udzuwo pang'onopang'ono, kumana mbande madzi kuti zikhwime zisanapite kumunda, zonsezi zili m'manja mwawo. Vuto n'lakuti nazale yathu ilibe dothi. Timafesa mu coco, ulusi ndi fumbi la makoko a kokonati, ndipo theka la nzeru za m'dothi likafika mu coco limapha mbande.

Lolemba tinayamba ndi kunyika. Coco amabwera m'mabuloko opanikiza, ouma gwaa, ndipo wambiri amachokera ku Sri Lanka ndi ku India. Buloko la makilogalamu 5 likamwa madzi limafufuma mpaka kupitirira malita 60. Bambowo anaima chilili akuyang'ana buloko likutupa m'mgolo, kenaka anatapako, n'kufinya, n'kununkhiza.

"Madamu, manyowa amenewa ndi abwino. Ndi akuda bwino."

"Si manyowa, Bambo. Mulibe chakudya m'menemo ngakhale pang'ono."

Sanandikhulupirire, ndipo sindikuwaimba mlandu, poti coco wonyowa amaonekadi ngati dothi la kudimba. Ndinafinyira madzi ake m'kapu n'kuviikamo mita ya EC, imene imayeza kuchuluka kwa mchere wosungunuka m'madzi. Madzi a pamjigo wathu amawerenga 0.4, koma otuluka m'bulokolo anapitirira 2. Umenewo ndi mchere wa sodium ndi potassium wochokera m'makoko momwemo, ndipo kamuzu kongotuluka kumene m'njere sikangaupirire. Tinatsuka, kukhetsa, kutsukanso, mpaka mita inatsika kuyandikira madzi a pamjigo. Dzuwa la October lino, ntchito imeneyi ndi ya thukuta.

Kutsuka kokha sikukwanira. Ulusi wa coco umagwirira sodium ndi potassium, ndipo ukathira feteleza umalanda calcium ndi magnesium n'kumasula mchere uja. Mbande imayamba kusowa calcium iwe ukuthira tsiku ndi tsiku: masamba atsopano amapindika, madontho a dzimbiri amatuluka, n'kumadabwa kuti walakwa pati. Choncho timaukhutitsiratu ulusiwo. Coco wotsuka timamugoneka usiku wonse m'madzi osungunuliramo calcium nitrate ndi magnesium pang'ono, m'mawa n'kutsukuluza. Alipo wogulitsidwa atakonzedwa kale chotere, koma mtengo wake ndi wa madola, ndipo nkhani ya madola m'dziko muno mukuidziwa.

Apa bambowo anafunsa funso limene ndinalikonda. Amati bwanji osangotenga CAN m'sitolo, popeza calcium ali m'dzina lomwelo. CAN ndi wa kumunda. Calcium wake ali mu laimu amene sasungunuka bwino, amangotsala pansi pa ndowa, ndipo theka la nitrogen wake ndi ammonium, amene akachuluka m'kamphika kopanda dothi amavulaza mizu. Calcium nitrate wa m'girinihausi amasungunuka yense, madzi n'kukhala mbee.

Lachiwiri linapita ndi kusakaniza coco ndi perlite, timiyala toyera topepuka tija, magawo atatu pa khumi aliwonse, ndi kudzaza timiphika. Ndinangowapempha kuti asatsendere ndi chala chachikulu monga amachitira ndi machubu a mitengo. Mpweya ndiwo tikuulipira ndalama zonsezi.

Tsiku lenileni linali Lachitatu. Tinali ndi mbande za gulu lapitalo, zina zitangodzutsa mutu, zina zitatulutsa kale masamba a manomano. Ndinawatengera kuchipinda chosakanizira, komwe kuli migolo iwiri ya feteleza wamphamvu, A ndi B. Mu A muli calcium nitrate, mu B muli za phosphate ndi sulphate, ndipo ziwirizi sizikumana zisanasungunulidwe m'madzi ambiri. Kuti aone okha, ndinathira pang'ono za A ndi za B m'kapu imodzi. Nthawi yomweyo madzi anachita mkaka, ndipo titadikira pang'ono pansi panadikha phala loyera. Chakudya chimenecho chatayika, muzu sungachimwe, ndipo chikalowa m'mapaipi chimatseka timabowo. Dongosolo lake ndi madzi poyamba, kenaka A, kutakasa, kenaka B, kutakasanso, n'kuyeza EC. Ya mbande zazing'ono timaifikitsa pa 0.8 kuphatikiza ndi mchere wobwera ndi madziwo, zokulirapo 1.0 mpaka 1.2. Pomaliza ndi pH, muyeso wa asidi m'madzi: asidi akachuluka, nambala imatsika. Madzi a pamjigo wathu amakhala pamwamba pa 7, pomwe mu coco timafuna pakati pa 5.8 ndi 6.2, chifukwa ikakwera kwambiri iron ndi manganese amakhalamo koma muzu sungazitenge. Timatsitsa ndi phosphoric acid dontho ndi dontho, titavala magolovesi ndi magalasi, ndipo asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Madzi a mjigo ali ndi khalidwe lobwezera pH m'mwamba akakhala, ndiye timayezanso tisanathirire. Mita nazonso timaziyesa m'timabotolo ta pH 4 ndi pH 7 sabata iliyonse, poti mita yonama ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo.

Zonsezi bambowo anazilandira bwino. Mkangano unabuka pa kuthirira.

Anakweza kamphika, n'kukhudza pamwamba, n'kupukusa mutu. "Izi n'zonyowa kale, Madamu. Mukathiranso ziwola. Mbande imafuna imve ludzu kuti mizu itsike."

M'dothi akunena zoona. Dothi likakhuta madzi mpweya umathawa, mizu n'kubanika, ndiye mlimi amadikira liume kaye. Komanso dothi limasunga chakudya, kotero kuti lero ukhoza kuthira madzi okha, feteleza n'kudzathira sabata ina. Coco ali ndi chikhalidwe china. Ngakhale atanyowa, pakati pa ulusi pamatsala mpweya wokwanira. Koma akauma, madzi ndi amene amapita, mchere wa feteleza umatsala, ndipo umakhala wamphamvu kwambiri m'timadzi totsalato mpaka kuotcha nsonga za mizu. Chakudya nacho sasunga chokwanira. Ndiye mu coco kuthirira ndi kudyetsa ndi ntchito imodzi: mbande ikatulutsa masamba a manomano, madzi alionse opita m'kamphika amakhala ndi feteleza wofooka, ndipo timathira mpaka gawo limodzi kapena awiri pa khumi atatulukira pansi, kuti akokolole mchere wakale.

Anakhala chete kanthawi, kenaka anati, "Ndiye n'chimodzimodzi khanda. Kuyamwa pang'ono koma pafupipafupi." Sindinapeze chowonjezera.

Koma nkhawa yawo ya kuwola sindinaitaye, chifukwa ili ndi malo ake. Kambande kongomera kali ndi muzu umodzi wosalimba, sikamwa madzi ambiri, ndipo masiku oyambawo kamadya za m'timasamba take tiwiri tozungulira tija. Ukakaika mumphika waukulu n'kumakhuthulira madzi, pakhosi pa tsinde pamakhala chinyezi usana ndi usiku, matenda owoletsa mizu otchedwa Pythium n'kulowa, tsinde n'kuonda pansi ngati lafinyidwa, m'mawa n'kupeza mbande yagona. Pamwamba pa coco pamamera ndere, tintchentche takuda n'kuyamba kuikira mazira, mphutsi zake n'kumadya mizu. N'chifukwa chake timafesa m'timiphika ting'onoting'ono, ndipo zongomera kumene timazithirira ndi sirinji, mozungulira, kutalikirako pang'ono ndi tsinde. Munthu amene wanyamula makheni awiri kuchokera kudambo moyo wake wonse, kumupatsa sirinji ya mamililita 60, ndithu anaseka mpaka kutsokomola. Koma dzanja lawo ndi lodekha kuposa la anyamata anga, amene amafinya mwamphamvu mpaka kufukula mizu.

Njira yodziwira nthawi yothirira anaigwira msanga, chifukwa ndi ya m'manja. Umakweza kamphika kongothiriridwa kumene kuti udziwe kulemera kwake, ndiye masana ukakwezanso umadziwa kuti kamwa zingati. Mtundu umathandizanso: coco wonyowa ndi wakuda, akayamba kutuwa pamwamba ndiye kuti wachedwa kale. Pofika madzulo bambowo amangodutsa m'mizere akukweza apa ndi apo, n'kumaloza timiphika topepuka asanayang'ane n'komwe.

Lachinayi magetsi anazima m'bandakucha. Nyali zinali vuto laling'ono, ngakhale nazo n'zofunika, popeza usana wa kuno sutalikirana kwenikweni ndi maola 12 chaka chonse, ndipo mitundu yambiri ya chamba ikaona usiku wautali imathamangira kuchita maluwa ikadali yaifupi. Timawonjezera kuwala kuti kukwane maola 18. Vuto lalikulu linali pampu ya pamjigo ndi mafani. Jenereta inadikira dizilo mpaka masana, ndipo m'girinihausi munatentha moti pulasitiki imanunkha. Madzi otsala m'thanki tinawagawa ndi ndowa, kuyambira mbande zazing'ono.

Mzere wa m'mphepete, woyang'ana kumene dzuwa limalowera, unauma tisanaufike. Coco anatuwa n'kulekana ndi khoma la kamphika, moti madzi oyamba anangodutsa m'mbali osanyowetsa pakati. Zikatero sumathira mothamanga. Umathira pang'ono, kudikira ulusi ufewe, kuthiranso. Madzi otuluka pansi nditawayeza anawerenga 2.1, pomwe tinathira a 1.0, ndipo nsonga za masamba zinali zitayamba kale kupsa. Mnyamata wina anathamangira paipi ya madzi okha kuti atsuke. Ndinamuletsa, chifukwa madzi opanda kanthu amasokoneza calcium uja timavutikira ponyika coco, komanso kutsika kwadzidzidzi kwa mchere kumadzidzimutsa mizu. Tinatsuka ndi feteleza wofooka wa 0.8, pH 5.9, mpaka otuluka pansi anatsika kufika pa 1.2.

Chimene mita zanga sizikanaona anachiona ndi bambo aja. Asanathire anayamba adonthezera madzi kuseri kwa dzanja, n'kundiitana. Paipi yakuda yochokera kuthanki imadutsa padzuwa, ndipo madzi oyamba kutuluka anali otentha zosambira. Madzi ofunda amakhala ndi mpweya wochepa, ndipo Pythium amakondwera nawo. Ku fodya, anati, samathirira nazale ndi madzi ogona m'paipi masana. Tinataya oyambawo mpaka kutabwera ozizira, ndipo madzulo iwo omwe anamweta udzu kunja kwa mpanda n'kuifunditsa paipi yonse. Ndalemba kale kwa akuluakulu kuti ikwiriridwe pansi.

Lachisanu ndi la mapepala. Timawerenga mbande gulu ndi gulu, zamoyo ndi zakufa, ndipo nambala ziyenera kugwirizana ndi njere zimene zinatuluka m'sitolo. Mbande yakufa siitayidwa kudzala. Imalembedwa, imaikidwa m'thumba, imakawonongedwa pamaso pa mboni. Bambowo anadabwa kuti kanthu kosafika chala kakusainiridwa ndi anthu awiri, pomwe ku fodya mbande zotsala amangogawira anansi. Ndinawauza mosapita m'mbali kuti kuno njere imodzi yopezeka m'thumba la malaya pageti imathetsa ntchito, ndipo ikhoza kuika chiphaso cha famu yonse pachiswe. Za mzere wouma uja, zambiri zinadzuka. Masamba opsa sachira, koma atsopano akutuluka obiriwira bwino, ndipo ndi amenewo timayang'ana.

Tinagwiritsanso ntchito tsikulo kuona mizu. Umatembenuza kamphika, tsinde lili pakati pa zala, n'kugogoda pansi. Mizu yoyera, ya ubweya, yofika m'mbali ndi pansi koma isanayambe kuzungulira, ndiye kuti nthawi yosamutsa yakwana. Bambowo anafunsa ngati tiyambe kuzimana madzi kuti zikhwime. Ayi, izi sizikupita kumunda kukadikira mvula, zikungosamukira mumphika wokulirapo wa coco yemweyo, ndipo zimasamuka zili zonyowa.

Loweruka tinagawana za Lamlungu, poti kutentha kuno mbande zazikulu zikufuna kuthiriridwa kawiri pa tsiku. Anyamata onse anali ndi zifukwa, wina kwaya, wina mpira. Bambowo anadzipereka kubwera m'mawa asanapite kutchalitchi, ine nditenga madzulo. Feteleza ndawasakanizira ndekha m'mgolo wotseka n'kuuika pamthunzi, koma pH adzayeza okha asanathire, ndipo ikadzapitirira 6.3 adzandiimbire foni asanakhudze botolo la asidi. Lolemba tikusamutsa gulu loyamba, ndipo mabuloko ena akudikira kunyikidwa.