Chivomezi chikayamba, thawani khoma

Nyanja ya Malawi inadzaza mng'alu waukulu wa nthaka umene akatswiri amautcha Rift Valley, ndipo mng'aluwo sunaleke kusuntha. N'chifukwa chake pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha ku Salima chinapha anthu 9, ndipo mu Disembala 2009 nthaka ya ku Karonga inagwedezeka mobwerezabwereza, nyumba zikwizikwi n'kuwonongeka. Kugwedezeka pakokha sikupha munthu. Chimene chimapha n'chimene chakugwerani, ndipo kwathu kuno nthawi zambiri chimakhala khoma, pakuti denga la malata kapena la udzu ndi lopepuka.

Nyumba zathu zambiri ndi za njerwa zootcha zomangira dothi. Dothi likauma siligwira njerwa, limangozikhazika. Nthaka ikayamba kukankha cham'mbali, choyamba kugwa ndi gebulo, kakhoma kosongoka kam'mwamba kaja, chifukwa n'kopyapyala ndipo palibe chokagwira. Kenako pamakona pamatseguka, zipilala zapakhonde n'kuthyoka. Onani tsono pamene munthu wothawa amadutsa: pakhomo, pakhonde, m'mbali mwa khoma, pomwe njerwa zikugwera.

Mukamva nthaka ikunjenjemera, gwadani msanga musanagwetsedwe. Kwawirani pansi pa tebulo lolimba, dzanja limodzi litchinge mutu ndi khosi, lina ligwire mwendo wa tebulolo, poti nalo limayenda. Ngati mulibe tebulo, khalani chogwada pakati pa chipinda, kutali ndi mawindo, kabati ya mbale ndi khoma la gebulo. Zoima pafelemu ya chitseko zisiyeni. Felemu yathabwa singanyamule njerwa zapamwamba pake ngati pamenepo palibe lintala ya konkire, komanso chitseko chimakupanani zala. Usiku, bedi likakhala kutali ndi khoma lakunja, gonani chafufumimba mutafunda pilo kumutu. Likakhala logunda khoma, lowani pansi pa bedilo. Kuthawira panja kuli bwino pokhapokha ngati khomo lili pafupi kwambiri ndipo kunjako kuli bwalo lopanda kanthu. M'nyumba zosanjikizana za ku Blantyre ndi Lilongwe musathamangire masitepe kapena chikepe.

Amene muli panja khalani panja pomwepo, koma tasunthani kutali ndi mpanda wa njerwa. Mipanda yambiri ndi yamzere umodzi, yaitali kuposa munthu, yopanda zitsulo, ndipo imagwa yonse kamodzi. Mtunda wabwino ndi woposa kutalika kwa khomalo. Mapolo a magetsi ndi thanki yamadzi yapamwamba nazonso muzitalikire. Woyendetsa galimoto aime pambali, osati pamlatho, akhale m'katimo.

Kugwedezeka kukaleka, valani nsapato, chifukwa magalasi osweka amacheka anthu ambiri amene khoma linawaphonya. Zimitsani mbaula ndi kandulo, tsekani gasi, ndipo muunikire ndi tochi, osati machesi. Tulukani nonse, muwerengane.

Apa m'pamene ambiri amalakwa: kubwerera m'nyumba kukatenga katundu kapena kukagona poti kunja kuli mvula. Ku Karonga chivomezi choyamba chinachitika pa 6 Disembala, koma champhamvu kwambiri chinadza patapita pafupifupi milungu iwiri, n'kupeza makoma atang'aluka kale. Yenderani nyumba kunja kutacha. Ming'alu yopyapyala ya pulasitala yokha siopsa kwenikweni. Yoopsa ndi yopingasa yochokera pakona ya windo kapena ya chitseko, yodutsa khoma mpaka kuonekera mbali zonse, ndi yapakona pamene makoma awiri asiyana moti mukhoza kulowetsa chala. Khoma lopendekeka, ngakhale pang'ono, musagone pafupi nalo. Chimbudzi chokumba nachonso muchiyang'ane silabu musanapondepo, ndipo madzi apachitsime muwiritse kapena muthire klorini.

Amene mukumanga, ndalama ya ring beam musaidye. Lamba wa konkire ndi zitsulo ameneyu, wozungulira nyumba yonse pamwamba pa mawindo, ndiye amamanga makoma anayi kuti agwedezeke ngati chinthu chimodzi. Muuzenso mmisiri alukanitse njerwa pamakona, windo lisayandikire kona, ndipo gebulo aimangire simenti kapena aitseke ndi malata.