Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mmene ndinasiyira ntchito ku Limbe

Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo lapita lija, makamaka amayi a ku Johannesburg amene mukuti mumawerenga muli m'basi popita kuntchito. Koma pali achimwene ena amene analemba kuti akazife timasiya tokha ntchito kenako n'kumalira kuti tikuponderezedwa. Achimwene, kokani mpando, gawo lino ndi lanu.

Mukukumbukira mmene ndinavutikira kupeza ntchito ya pa tilu m'sitolo yapikulitsa ija, envulopu ya satifiketi ya MSCE mpaka kuda m'mphepete. Mwana woyamba atabadwa mu 2010 zinayendako. Lamulo la zantchito la 2000 limati mayi apatsidwe tchuthi cha uchembere cha masabata 8, malipiro ake onse, ndipo abwana anandipatsa, ngakhale nkhope ili ndwii. Mayi anga anali adakali ndi mphamvu, anachoka ku Thyolo kudzakhala nafe ku Bangwe. Chaka cha 2011 chija mafuta atasowa, maminibasi akugona pamizere, ndinkapita ku Limbe wapansi, koma mtima uli m'malo chifukwa mwana ali kumsana kwa agogo ake.

Wachiwiri anabwera mu 2012, mayi atadwala kale sitiroko ndinakuuzani ija. Apa m'pamene ndinadziwa kuti tchuthi cholipidwa chija ndi kamodzi pa zaka zitatu. Abwana sanazungulire: "Mayi, ndikupatsani masabata angapo opanda malipiro. Mukachedwa mupeza wina pampando."

Kusikelo anamwino akutiimbitsa nyimbo za kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6. Sukulu za mkombaphala sizilandira khanda, komanso ana amaweruka dzuwa lisanafike paliwombo, pamene ife timatseka sitolo madzulo, kenako kuwerenga ndalama za mu tilu. Kwacha inali itangogwa mwezi wa Meyi, shuga, sopo ndi minibasi zonse zakwera, malipiro ali pompaja. Ndinatenga kapepala n'kuchotsa ya wantchito, ya minibasi, ya mkaka wa m'chitini. Yotsalayo inali yogulira thumba la makala basi.

Ndiye tsiku lina Loweruka kunatulukira apongozi, osatumiza ndi uthenga womwe, kumbuyo kwawo kuli kamtsikana, mwana wa alamu anga aja. Kanali Sitandade 7. Kananyamula jumbo yakuda, zovala zake zonse zili momwemo. Kanagwada pakhomo kundipatsa moni, maso ali pansi.

"Apongozi, ndakubweretserani wolera mwana. Inu muzipita kuntchito kwanuko, uyu kumudzi akungokhala."

"Nanga sukulu, amayi?"

"Adzapitiriza mwana akakula. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Usiku ndikumuyalira mphasa, jumbo ija inagwa. Pakati pa madiresi awiri panatuluka kope la masamu lokutira ndi nyuzipepala, cholembera atachimangirira ndi ulusi kuti chisasowe. Anatola msangamsanga n'kubisa, ngati wagwidwa ndi chinthu chakuba. Sindinagone. Amene mwakhala nane kuyambira gawo 3 mukudziwa chifukwa chake. Inenso ndinafikapo pakhomo la azakhali ku Zomba ndi jumbo, atalonjeza kuti ndikaphunzira konko. Mu 1994 anzanga akuthamangira sukulu yaulere, ine ndinali kuchapa matewera, mwana wa eni ali kumsana, ndikumva belu la sukulu likulira kutsidya kwa msewu. Zaka ziwiri zinapita choncho. Azakhaliwo ankagwira ntchito ya muofesi, anthu akuwatama kuti ndi mayi wochangamuka, ndipo palibe anafunsapo kuti masana mwana amatsala ndi ndani.

M'mawa ndinawauza apongozi kuti mtsikanayu akhale, koma Lolemba ndikukamulembetsa sukulu.

Kunali phokoso. Ankhoswe mpaka anaitanidwa. Bambo akunyumba si munthu woipa, ndipo musawanyoze m'makomenti ngati mmene munachitira ulendo watha. Anangoti, "Ndiye mayi, mukufuna titani?" Koma onani mmene nkhani inayendera pabwalopo: anthu akuluakulu asanu kukambirana za khanda la anthu awiri, wina kutchula wantchito, wina mtsikana uja, wina mayi anga odwalawo. Dzina la bambo wa mwana silinatchulidwe ngakhale kamodzi. Malipiro awo a ugalaji sankaposa anga kwenikweni, koma zoti iwo n'kusinthako nthawi yolowera kuntchito zikanamveka ngati nthabwala. Tchuthi cha abambo cha masabata awiri chinadzalowa m'lamulo mu 2021, ana anga atakula kale.

Ndinapita ku Limbe, khanda kumsana, kukapereka makiyi a tilu. Mnzanga wa pa tilu yachiwiri analira. Abwana sanadzutse ndi mutu womwe, anangoloza pa tebulo. Sabata yomweyo analemba mnyamata, ndipo ndinamva kuti anachita kunena poyera kuti akazi watopa nawo.

Apongozi anakhala chaka osandiyankhula bwino. Ankauza anthu kumudzi kuti ndataya ntchito chifukwa cha matama, ndawonjezeranso pakamwa pena pa mwana wawo. Pano amanena kuti maganizo oti mtsikanayo aphunzire anali awo. Ndimangowayang'ana. Nawonso alamu, amene mumawerenga mwakachetechete osalemba kanthu, ndikudziwa kuti mulipo: yunifomu ija simunabweze ndalama yake.

Zaka zinayi zotsatira zinathera mu utsi wa mandasi pa siteji ya Bangwe. Gawo likubwerali ndikuuzani za banki mkhonde, za belo langa loyamba la kaunjika, ndi za mayi uja anathawa ndi bokosi la gulu.